HENRY MASAUKO CHIPEMBERE: WOGWIRA NTCHITO M'BOMA AMENE ANAUKIRA MABOMA AWIRI

Anzanga ophunzira akale, pa tsamba lathu lino la mbiri ya anthu otchuka, ulendo uno ndasankha kulemba za malemu a Henry Masauko Chipembere. Ambiri mwa ife dzinali timalidziwa chifukwa cha msewu waukulu uja wolumikiza Blantyre ndi Limbe, ndipo timalitchula tsiku ndi tsiku pokwera minibasi popanda kuganizako kawiri. Koma kwa zaka pafupifupi 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, makolo athu sankalitchula dzinali pagulu. Ife amene tinayamba sukulu m'zaka zomalizira za chipani chimodzi, tikamva dzinali, linkabwera pamodzi ndi mawu akuti chigawenga.

Chifukwa china chimene ndasankhira munthuyu n'chakuti ine ndine wogwira ntchito m'boma, monganso ambiri a inu, ndipo a Chipembere anayamba moyo wawo wa ntchito pa desiki ya boma ngati yathuyi. Anaisiya desikiyo nakatsogolera mkwiyo wa anthu polimbana ndi boma la atsamunda, ndipo anapambana. Patapita zaka zochepa anatsogoleranso mkwiyo wa anthu polimbana ndi boma limene iwo omwe anathandiza kulikhazikitsa, ndipo analephera. Kusiyana kwa nkhondo ziwirizi ndiko ndikufuna tione pamodzi. Maganizo anga ndi akuti zida zimene a Chipembere ndi anzawo anasula pomenyana ndi atsamunda ndi zomwezo zimene zinadzawatembenukira.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

A Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, dera limene lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo awo, a Habil Matthew Chipembere, anali mphunzitsi wa mpingo wa Anglican, ndipo pambuyo pake anadzozedwa unsembe nadzakhala mmodzi wa akuluakulu a mpingowo m'madera a m'mbali mwa nyanja. Dzina la Masauko linaperekedwa chifukwa cha mavuto amene mayi awo anakumana nawo. Kwawo kwenikweni kumene banjali linadzakhazikika ndi ku Malindi, m'boma la Fort Johnston limene tsopano timati Mangochi.

Mwanayo anali wanzeru m'kalasi. Anasankhidwa kupita ku Blantyre Secondary School pa nthawi imene sukulu za sekondale m'dziko lonse la Nyasaland munthu akanatha kuziwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Kuchoka apo anapita ku Goromonzi, ku Southern Rhodesia, kenaka ku Fort Hare, ku South Africa, koleji imene anaphunzirakonso anthu monga a Nelson Mandela, a Robert Mugabe ndi a Orton Chirwa. Ulamuliro wa tsankho unali utayamba kumene m'dzikomo m'chaka cha 1948, tsono mnyamata wa ku Malindi anaona ndi maso ake mmene munthu wakuda amakhalira m'dziko limene azungu ochepa atenga mphamvu zonse. Zimenezi sanaziiwale.

Atabwera kumudzi ndi digiri, boma linawalemba ntchito yothandiza a DC, udindo umene anthu akuda ochepa kwambiri anali ataufikapo. Anagwira ntchito ku Domasi, ku Fort Johnston ndi ku Dedza. Pa nthawi imeneyo, munthu wa udindo wotere anali atapata: malipiro apamwezi, nyumba ya boma, ulemu kumudzi, ndi penshoni pa ukalamba.

MKWIYO WA CHITAGANYA

Koma dziko limene anabwereramo linali lowira. M'chaka cha 1953 boma la Britain linalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya, ngakhale mafumu ndi anthu wamba anakana poyera. Anthu a kuno sanachite kuuzidwa ndi andale kuti adane nacho chitaganya. Amuna zikwizikwi anali atagwirapo ntchito m'minda ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ankadziwa za chitupa, za malo abwino onse kukhala m'manja mwa azungu, ndi za kuitanidwa ngati mwana pamene uli ndi imvi. Ankaopa kuti moyo umenewo ufika kuno.

Panalinso zowawa za pakhomo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje anthu okhala m'maesiteti ankavutika ndi thangata ndi kusowa malo olima. Dziko lonse linali pansi pa malamulo a malimidwe, amene ankakakamiza mlimi kuunda mizere ndi migula monga mwa lamulo la alangizi, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa, mwinanso kuzuliridwa mbewu zake. Cholinga choteteza nthaka sichinali choipa, koma njira yake inali ya chikwapu. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinafalikira m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Ku Ntcheu, Inkosi Gomani inachotsedwa pa mpando chifukwa cholimbikitsa anthu ake kuti asamvere malamulo a boma.

Taganizani za mnyamata wophunzira amene wakhala mu ofesi ya DC pa nthawi yotere. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti malamulo omwewo akutsatidwa, pamene mtima wake uli ndi anthu amene akudandaula panja pa khonde. A Chipembere sanakhalitse pa mphambano imeneyi. Anasiya ntchito, ndipo mu Malichi 1956, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Anthu akuda anapatsidwa mipando isanu yokha. Anzawo anali a Kanyama Chiume, a Ralph Chinyama, a N.D. Kwenje ndi a Dunstan Chijozi.

Nyumba imene inazolowera kukambirana mofatsa inasanduka bwalo la mafunso. A Chipembere ndi a Chiume ankafunsa akuluakulu a boma mafunso obaya, ndipo sankaopa kunena kuti chitaganya chithe. Buku la Hansard, limene amalembamo zokambidwa m'Nyumbamo, linayamba kugulidwa ngati nyuzipepala, ndipo aphunzitsi ndi makalaliki ankawerengera anzawo madzulo. Anthu anaona kwa nthawi yoyamba munthu wakuda akuyankha mzungu maso ndi maso, osagwidwa.

KUITANA KAMUZU

Chipani cha Nyasaland African Congress pa nthawiyo chinali chofooka ndi chogawanika. A Chipembere ankadziwa kuti iwo ndi anzawo ndi anyamata, ndipo mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sakanatsata mwana wa dzana. Pankafunika munthu wachikulire, wophunzira kwambiri, amene sanalowe m'mikangano ya m'chipanimo. Munthu wotere anamuona mwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anali atakhala kunja zaka pafupifupi 40 ndipo pa nthawiyo anali dokotala ku Kumasi, m'dziko la Ghana.

A Chipembere ndiwo analimbikira kwambiri kulemba makalata owaitana. M'makalatamo anafotokoza poyera kuti ndale zotere zimafuna ngwazi imodzi imene anthu angailemekeze ndi kuitamanda, ndiponso kuti iwo adzagwira ntchito yokweza dzina la dokotalayo kuti anthu amuone ngati mpulumutsi. Lonjezo limeneli analisunga. Pamene Dr. Banda ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, khamu limene linawalandira linali litakonzedwa kale mitima.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, Dr. Banda anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress, ndipo anapatsidwa mphamvu yosankha okha akuluakulu onse a chipani. A Chipembere anakhala msungichuma, a Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu, ndipo a Chiume mneneri wa chipani. Pano m'pamene ndikupempha kuti tiikepo chizindikiro. Anyamatawa ankaganiza kuti dokotala adzakhala mbendera, iwo nadzayendetsa ntchito. Koma mphamvu imene anapereka ku Nkhata Bay inalibe chingwe choibwezera.

CHAKA CHA 1959

M'miyezi yotsatira, nthambi za Congress zinachuluka ngati bowa wa m'dzinja. Misonkhano inkatha ndi kugenda magalimoto, ndipo apolisi ankabweza ndi utsi wokhetsa misozi ndi zibonga. Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a chipani anachita msonkhano wachinsinsi kutchire pafupi ndi Blantyre, Dr. Banda palibe. Akazitape anauza boma kuti kumeneko kunakonzedwa chiwembu chopha azungu, amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma. Bwanamkubwa Robert Armitage anaitanitsa asilikali kuchokera ku Southern Rhodesia, ndipo m'mamawa wa pa 3 Malichi 1959 analengeza kuti dziko lili pa ngozi.

Anthu oposa 1,000 anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo pafupifupi 50 anaphedwa. Ku Nkhata Bay kokha asilikali anawombera ndi kupha anthu osachepera 20 amene anasonkhana pa doko pofuna kuti abale awo, amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, atulutsidwe. Ili ndilo tsiku limene timakumbukira chaka ndi chaka pa 3 Malichi. A Chipembere anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, lero Gweru, kumene anakhala pamodzi ndi Dr. Banda ndi abale awiri aja, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza.

Boma la Britain linatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza. Lipoti lake, limene linatuluka mu Julayi 1959, linachititsa manyazi boma. Linapeza kuti chiwembu chopha anthu mwachisawawa monga boma linkanenera panalibe, kuti pafupifupi munthu wakuda aliyense ankadana ndi chitaganya, ndiponso kuti dziko linali litasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Koma lipoti lomwelo linapezanso kuti nkhani ya chiwawa inakambidwadi pa msonkhano wa kutchire uja, ndipo a Chipembere anali mmodzi wa amene ankaona chiwawa ngati njira yoyenera. Tikamalemba mbiri ya munthu wathu tisabise mbali imeneyi.

Dr. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960. A Chipembere, amene boma linkawaopa kuposa onse, anasamutsidwira ku Kanjedza ndipo anatuluka kumapeto kwa Sepitembala, pa nthawi ya msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party ku Nkhotakota. Pa msonkhano womwewo Dr. Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wawo wonse, ndipo anyamata aja anavomereza.

Ufulu wa a Chipembere sunakhalitse. Mu Disembala 1960 analankhula mawu aukali pa msonkhano ku Rumphi, moopseza wandale wachizungu Michael Blackwood, ndipo kumayambiriro kwa 1961 khoti linawapeza olakwa pa mlandu woutsa anthu kuti aukire boma. Anagamulidwa zaka zitatu, nakhala ku ndende ya Zomba mpaka Januwale 1963. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 mpando wa Fort Johnston unatengedwa ndi bambo awo. Ali m'ndendemo, mnzawo wapamtima, a Dunduzu Chisiza, anamwalira pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu Sepitembala 1962.

M'zaka zimenezi munthu wakuda wotsutsana ndi chipani ankatchedwa wogulitsa mtundu. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, ndipo pofika chisankho cha 1964 oimira Malawi Congress Party onse pa mipando ya anthu wamba analowa popanda wopikisana nawo. Atsogoleri achinyamata sanaone vuto pa zimenezi, chifukwa kwa iwo umodzi unali chida chogwetsera chitaganya. Chitaganyacho chinathadi pa 31 Disembala 1963, koma chizolowezi chosalola wotsutsa chinatsala.

MASABATA ASANU NDI AWIRI A UFULU

Atatuluka m'ndende, a Chipembere anakhala nduna yoona za maboma aang'ono, kenaka nduna ya zamaphunziro. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Patangopita masabata asanu ndi awiri, pa 26 Ogasiti, nduna zinadzudzula Dr. Banda maso ndi maso pa msonkhano wawo ku Zomba.

Madandaulo awo anali angapo. Choyamba, boma linalamula kuti wodwala aliyense azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu, pa chipatala cha boma, ndipo anthu a m'midzi amene ankayembekeza kuti ufulu uwapeputsira katundu anakhumudwa kwambiri. Chachiwiri, boma linavomereza lipoti la Skinner lonena za malipiro a ogwira ntchito m'boma, limene anthu akuda analiona kuti likuwachepetsera zimene ankalandira pamene mipando yapamwamba inali idakali ndi azungu. Chachitatu, Dr. Banda ankafuna ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, pamene nduna zinkafuna kuima ndi maiko ena a mu Africa ndi kuzindikira boma la ku Peking. Pamwamba pa zonsezi, nduna zinatopa ndi kutchedwa anyamata pagulu, ndi kuona mtsogoleri akusunga maunduna ambiri m'manja mwake nagamula nkhani popanda kuzifunsa. Nduna imodzi yachizungu, a Colin Cameron, inali itatula kale pansi udindo pokana ganizo lobwezeretsa lamulo lomanga anthu popanda kuwazenga mlandu.

Pamene zonsezi zinkachitika, a Chipembere anali ku Canada ku msonkhano wa zamaphunziro. Pa 7 Sepitembala Dr. Banda anachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo. A Chipembere anafika Nyumba ya Malamulo itayamba kale kukambirana, ndipo pa 9 Sepitembala anakakhala kumbuyo pamodzi ndi anzawo ochotsedwa. Iwo sanachotsedwe ndi munthu. Akanatha kukhala chete nasunga unduna wawo, koma anasankha kuusiya, monga anasiyira ntchito ya ku ofesi ya DC zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo.

M'Nyumbamo analankhula mofatsa, napempha kuti nkhani ikambidwe mwamtendere. Koma aphungu ambiri anali atalowa m'Nyumbamo chifukwa chosankhidwa ndi Dr. Banda, ndipo mmodzi ndi mmodzi anaimirira kunyoza nduna zakale. Pamapeto pake Nyumba yonse, kuphatikizapo nduna zochotsedwazo, inavomereza kuti ili ndi chikhulupiriro mwa mtsogoleriyo. Panalibe chipani china choti n'kuthawirako, panalibe nyuzipepala ya anthu akuda yoima payokha, ndipo malamulo a chipani ankati wotsutsa mtsogoleri ndi mdani. Mipanda yonseyi anaimanga nawo iwo omwe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

DZIKO LIGAWANIKA

Apa m'pamene mng'alu wa dziko lathu unaonekera poyera. Nduna zochotsedwa zinali za kumpoto ndi kummwera, ndipo owatsatira ambiri anali anthu ophunzira: aphunzitsi, makalaliki ndi ogwira ntchito m'boma. Dr. Banda anadalira chigawo chapakati, mafumu, amayi a chipani, achinyamata a chipani, ndi madera ena monga kumunsi kwa Shire. Polankhula kwa anthu a m'midzi, iwo ankati ophunzirawo akungofuna malipiro onona pamene mlimi akuvutika. Nduna nazo zinkauza anthu kuti mtsogoleri wagulitsa ufulu kwa azungu. Mbali iliyonse inali ndi mkwiyo wake, ndipo mkwiyo uliwonse unali ndi chifukwa chake.

Kumapeto kwa Sepitembala 1964 mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko, unasanduka bwalo la nkhondo. Achinyamata a chipani anabweretsedwa pa malole kuchokera kunja kwa mzinda, ndipo ogwira ntchito m'boma ananyanyala ntchito natenga ndodo. Ofesi ya chipani inatenthedwa, ndipo kwa masiku angapo otsatira nduna zakale ndiwo ankalamula m'misewu. Bwanamkubwa Glyn Jones anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo koma zinakanika. Asilikali ndi apolisi, amene akuluakulu awo anali akadali azungu, anaima ndi boma. Pofika kumapeto kwa Okutobala nduna zambiri zakale zinali zitathawira ku Zambia ndi ku Tanzania.

A Chipembere sanathawe. Boma linawaletsa kuyenda kupitirira mamailosi anayi kuchokera pakhomo pawo ku Malindi, koma anthu a m'deralo, Ayao ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja, anali nawo nganganga. Mu Okutobala anazemba nalowa m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, kumene anayamba kusonkhanitsa ndi kuphunzitsa anthu.

PANTONI YA PA LIWONDE

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 a Chipembere anatsogolera amuna pafupifupi 200 kulowa m'tauni ya Fort Johnston. Analanda polisi, anatenga mfuti ndi magalimoto, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Chiyembekezo chawo chinali chakuti akafika ku likulu, ogwira ntchito m'boma ndi ena mwa asilikali adzagwirizana nawo. Masiku amenewo wochokera ku Fort Johnston ankaoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde pa pantoni. Atafika pa doko anapeza pantoniyo itamangidwa tsidya linalo. Kusanache bwino asilikali a boma anali atafika, ndipo gulu lija linabwerera m'mapiri.

Anthu ambiri amakonda kunena kuti pantoni ija ikanakhala tsidya lino mbiri ya dziko lathu ikanasintha. Ine sindikhulupirira choncho. M'chaka cha 1959 mkwiyo wa anthu unali umodzi kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, ndipo mdani anali mlendo amene anali ndi kwawo kobwerera. M'chaka cha 1965 mkwiyo unali wa boma limodzi ndi wa anthu a m'maofesi, pamene mbali yaikulu ya dziko inkaimbirabe munthu amene a Chipembere omwe anaiphunzitsa kumutcha mpulumutsi. Amuna 200 akanaoloka Shire, koma mng'alu umenewo sakanauoloka.

Amene analipira kwambiri ndi anthu wamba a ku Mangochi. Asilikali ndi a Young Pioneers anasakasaka m'midzi, nyumba zinatenthedwa, ndipo anthu mazanamazana anatengedwa kupita ku ndende monga ya Dzaleka ku Dowa. Anthu a m'mudzi wa Moto ndi ena mwa amene anatengedwa mwaunyinji. A Medson Silombela, amene anapitiriza kumenya nkhondo kutchire, anagwidwa nanyongedwa ku ndende ya Zomba m'chaka cha 1966 pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera. Kwa zaka zambiri munthu wochokera ku Malindi ankakayikiridwa chifukwa cha kwawo kokha.

KUFERA KUTALI

A Chipembere anali ndi matenda a shuga, ndipo moyo wa kutchire unawafooketsa. Mu Epulo 1965, mothandizidwa mwakachetechete ndi a Glyn Jones ndi akazembe a dziko la America, anatulutsidwa m'dziko muno nakafika ku California. M'chaka cha 1966 anapita ku Dar es Salaam, kumene anaphunzitsa pa Kivukoni College nayambitsa chipani cha Panafrican Democratic Party. Koma Amalawi othawa kwawo nawonso anagawanika, ndipo sanathe kuima pamodzi. A Yatuta Chisiza anayesa kulowa m'dziko ndi kagulu ka zida mu Okutobala 1967, naphedwa m'dera la Mwanza.

M'chaka cha 1969 a Chipembere anabwerera ku Los Angeles, kumene anaphunzitsa pa California State University. M'zolemba zawo za m'zaka zimenezi anabwereranso ku nkhani ya 1958 ndi 1964, ndipo anaona okha kuti kukweza munthu mmodzi pamwamba pa chipani ndi dziko kunabala zipatso zowawa. Anamwalira ndi matenda a shuga pa 24 Sepitembala 1975, ali ndi zaka 45 zokha. Mbiri ya moyo wawo imene analemba okha, koma sanaimalize, inasindikizidwa m'chaka cha 2001 ndi mutu wakuti Hero of the Nation.

Kumudzi kuno zimene nduna zija zinkaopa zinachitika. Dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo mu 1966, ndipo Dr. Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971. A Orton Chirwa anafera ku ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndizo zinatsegula chitseko, ndipo anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri. Koma zotsatira zake zinaonetsa mng'alu wakale uja: kumpoto ndi kummwera anafuna kusintha, pamene chigawo chapakati chinasankha chipani chimodzi. Mayi Catherine Chipembere anabwerera kumudzi, ndipo m'chaka cha 1994 anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu wawo.

ZIMENE NDIKUTOLAPO

Mkwiyo wa anthu sunathe ndi chipani chimodzi. Pa zionetsero za mu Julayi 2011 anthu 20 anaphedwa. M'chaka cha 2019 misewu inadzazanso kwa miyezi yambiri pambuyo pa chisankho, mpaka khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Kusiyana kwa 2020 ndi 1964 n'kwakuti ulendo uno wodandaula anali ndi kopita: khoti limene likanatha kuuza boma kuti lalakwa, ndipo boma n'kumvera. A Chipembere analibe khomo lotere, ndipo n'chifukwa chake anakathera pa doko la Liwonde usiku ndi mfuti zolanda.

Sindikuwaweruza. Anali olimba mtima, sanakonde chuma, ndipo kawiri konse anasiya mpando wabwino chifukwa cha zimene ankakhulupirira. Ndi angati mwa ife amene tingachite zimenezo ngakhale kamodzi? Koma moyo wawo ukutionetsa kuti pamene tili ndi mkwiyo wolungama, ndi pomwe tiyenera kusamala kwambiri za ufulu wa amene sakugwirizana nafe, popeza lamulo limene timukaniza mdani lero ndi lomwe tidzalifune mawa.

Kwa ife a m'maofesi pali phunziro linanso laling'ono. Tiki inali ndalama yochepa, ndipo malamulo a malimidwe analembedwa ndi anthu odziwa za nthaka. Zonse ziwiri pa pepala zinkaoneka zanzeru. Amene anayamba kumva kung'ung'udza kwa anthu anali kalaliki wa pa windo la chipatala ndi mlangizi wa kumunda, osati nduna. Ntchito yathu ndi kutumiza kung'ung'udza kumeneko kumwamba mwachilungamo kusanasanduke miyala, ngakhale bwana asakonde kumva.

Pomaliza, ndikupempha anzathu a m'bungwe lino amene kwanu ndi ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Nkhata Bay: agogo amene anaona zinthu izi ndi maso awo atsala ochepa. Mukapita kumudzi pa tchuthi khalani nawo pansi, lembani zimene angakuuzeni, ndipo ngati iwo alola, tumizani kwa a Mkonzi kuti tidzawerenge tonse pa tsamba lino.